Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kudzutsa Land Rover yogona kalekale

Gawo lapitalo linathera pomwe Land Rover ija tinaikoka n'kuifikitsa pakhomo. Kwa amene mwangotipeza, ndi Series III yaitali ija ya mainchesi 109 kuchokera pa mawilo akutsogolo kufika pa akumbuyo, ya injini ya petulo ya malita 2.25, mtundu womwe unkapangidwa ku Solihull, ku England, kuyambira 1971 mpaka 1985. Lero tikambe zodzutsa galimoto yomwe yagona zaka zambiri. Aliyense wobwera kudzaiona funso lake linali limodzi: "Iliratu liti?" Koma kiyi ndiye chinthu chomaliza kugwira.

Yambani ndi pansi. Bodi ya Land Rover ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, ndipo n'chifukwa chake imanamiza ogula. Chasisi ndi chitsulo. Tengani hamala yaing'ono mugogode paliponse, makamaka chopingasa chakumbuyo, timikono tonyamula bodi, ndi pomwe pamangidwa masipuling'i. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee, chowola chimangoti phu n'kugwetsa zinyenyeswa zofiira. Muonenso popondera mapazi kutsogolo, pakuti mbali imeneyo ndi yachitsulo ndipo madzi amakhazikika pomwepo. Ngati chasisi chawola m'malo ambiri, owotcherera ayambe ndiwo, injini idikire.

Chenjezo la zida: mabawuti ambiri pagalimotoyi ndi a mainchesi, ena a mazinga otchedwa UNF, ena a mazinga otchedwa Whitworth. Sipanala ya mamilimita imaoneka ngati yalowa, koma mukakoka imadya makona a nati. Masipanala a 7/16, 1/2 ndi 9/16 akhale pafupi.

Tsopano injini. Chotsani mapulagi onse anayi, koma muyambe mwapemerera fumbi lozungulira kuti lisagwere m'kati. Mu silinda iliyonse thiranimo supuni imodzi kapena ziwiri za oyilo wosakaniza ndi dizilo, muisiye masiku angapo. Maring'i a pisitoni akakhala nthawi yaitali amamatirira kukhoma la silinda, ndipo sitata ikawakankha mwamphamvu amathyoka kapena kukanda khomalo. Ubwino wa Series III ndi woti ili ndi handulo yopukusira injini, yolowera pabowo la bampala. Giya ikhale pa fili, mupukuse pang'onopang'ono ndi dzanja. Ikakana musaikakamize ndi chipaipi. Onjezani mafuta aja, mudikirenso. Ikazungulira n'kuima malo amodzi, tsegulani chivundikiro chapamwamba muone ngati valavu ina yakakamira. Kuigogoda pang'ono ndi hamala yapulasitiki, mutaidontheza mafuta, nthawi zambiri kumaimasula.

Poti chivundikiro chatseguka kale, tcherani mavalavu. Mpata wake ndi 0.010 ya inchi, kapena kuti mamilimita 0.25, mavalavu onse asanu ndi atatu, injini ikhale yotentha kapena yozizira. Njira yosavuta ndi yowerengera 9: valavu nambala 8 ikatsegukiratu mumatchera nambala 1, ya 7 ikatseguka mumatchera ya 2, choncho mpaka kumapeto. Oyilo wakale mukhetse, fyuluta musinthe, muthire 20W50 pafupifupi malita asanu ndi awiri, kenako dipisitiki ndiyo ikuuzeni zoona. Chosefera mpweya chake ndi chija chokhala ndi oyilo pansi. Chitsukeni ndi parafini, muthire oyilo watsopano kulekeza pamzere.

Mbali yomwe imadya nthawi ndi ya petulo. Petulo wokhalitsa amasanduka phula lonunkha ngati vanishi, n'kutseka timabowo ta kabureta. Thanki muitsitse, muitsuke, muunikemo ndi tochi. Kuno kwathu pali chinanso: kuyambira 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye thanki yosiyidwa theka imachita dzimbiri pansi, komanso amaumitsa mapaipi akale a labala ndi kachikopa ka m'pampu ya petulo. Kachikopako kakang'ambika, petulo amatsikira mu oyilo wa injini mwakachetechete. Mukaona oyilo akuchuluka yekha pa dipisitiki, munnunkhize. Ine ndimasintha mapaipi onse a labala osayamba ndawafunsa za umoyo wawo.

Kabureta yambiri pa injini imeneyi ndi Zenith 36IV. Vuto lake lodziwika ndi kupindika kwa chivundikiro chapamwamba komanso kutha kwa ka O-ring, kamkombero ka labala kam'kati. Zikatero galimoto imamwa petulo ngati ili paukwati, utsi uli bii, ndipo sikuluwu yotcherera siimva kanthu ngakhale muipotokole bwanji. Mankhwala ake ndi kuyala sandipepala wosalala pagalasi, n'kumakhutiza nkhope ya chivundikirocho mpaka yonse itawala mofanana, kenako O-ring watsopano ndi magasiketi atsopano.

Zamoto n'zachidule. Mapointi, tizitsulo totsegula ndi kutseka moto mu distributor ya Lucas (chogawira moto ku mapulagi), atseguke 0.015 ya inchi, mapulagi 0.030, ndipo mawaya atsatane 1-3-4-2. Muyang'anenso kuseri kwa dashibodi, poti makoswe amakonda kumanga pomwepo n'kudya mawaya. Musanabwezere mapulagi, zungulitsani injini ndi sitata mpaka nyali ya oyilo itazima. Pamenepo oyilo wafika m'maberingi, ndipo mukhoza kuiliza. Ikalira, maso akhale pa geji ya kutentha ndi pa tizitsekerero tozungulira ta m'mbali mwa buloko, tomwe timaboola ndi dzimbiri n'kuyamba kudontha madzi. Kilatchi ikhoza kupezeka itamatirira ku flywheel, chigudumu cholemera cha kumbuyo kwa injini. Tenthetsani injini, muizimitse, mulowetse giya, muilizire m'giya momwemo phazi lili pa kilatchi, pabwalo lopanda ana, mbuzi kapena khoma.

Koma musatero mabuleki asanakonzedwe, ndipo apa ndi pomwe 109 imayesa mtima wa munthu. Mawilo onse anayi ndi a madiramu a mainchesi 11. Wilo lililonse lakutsogolo lili ndi masilinda awiri, ina pamwamba ina pansi. Paipi yochokera ku master cylinder, pampu yomwe pedulo ya buleki imakankha, imalowera yapamwamba, koma kabawuti kotulutsira mpweya kali pa yapansi. Mpweya umakwera, sutsika. Ndiye mukhoza kutha botolo lonse la mafuta a mabuleki a DOT 4, mnzanu akupopa mpaka mwendo kuwawa, pedulo ili wofuwofu. Chochita ndi kubweza zotcherera zonse kuti ma brake shoe, zomwe zimagwira diramu, abwerere m'kati, n'kupanikiza mapisitoni a masilinda mpaka kumapeto kuti mpweya usowe pobisala. Zikakanika, masulani mbale yonse yonyamula masilindawo, muigoneke chafufumimba paipi isanachotsedwe, mutulutse mpweya ili chigonere.

Musanaimbe mlandu mpweya, mverani pedulo. Ikatsika kwambiri koyamba, n'kulimba mukaponda kachiwiri, vuto ndi katcheredwe: ma shoe ali kutali ndi diramu. Potokolani chotcherera mpaka wilo litagwira, mubweze pang'ono mpaka lizizungulira likungokhudza. Ikakhala yofewa nthawi zonse, umenewo ndi mpweya. Kuti mudziwe wilo lolakwa, finyani mapaipi atatu a labala ndi zopanira zosacheka. Pedulo ikalimba, masulani imodziimodzi mpaka itagwanso. Komabe mapaipi a labalawo ngati ndi akale musinthe onse, chifukwa amatupa m'kati n'kumagwiritsa buleki osabwerera.

Mukapeza ma shoe anyowa ndi oyilo wonunkha wa difu, kusintha silu (labala wotchinga oyilo) kokha sikuthandiza. Pamwamba pa ekiselo iliyonse pali kabowo kopumira. Kakatsekeka ndi matope, ekiselo ikatentha mpweya umakankha oyilo kudutsa pa silu mpaka m'mabuleki. Kamasuleni, kaviikeni m'parafini, mukagwedeze mpaka kachitsulo kam'kati kamveke kakulira. Ma shoe onyowawo ndi otaya. Zowawotcha pamoto kuti aume ndimazimva, koma oyilo amatulukanso diramu ikatentha pa chitsikira.

Giyabokosi, transfer box (bokosi logawira mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo), madifu onse awiri ndi mipira yokhotera mawilo akutsogolo zonse zimamwa oyilo wa EP90, ndipo mugiyabokosi mukhale wa mtundu wa GL4, wosadya mkuwa, chifukwa muli tizitsulo tamkuwa. Nthawi zonse yambani mwamasula bawuti yothirira musanamasule yokhetsera. Za giyabokosiyo, yomwe inkadumpha giya yachiwiri tikatsika mtunda, tidzaiphwasula m'gawo 10.