Keke ya ukwati wa mng'ono wanga

Ine si wophika makeke a malonda. Ndine mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo uvuni ndimayatsa Loweruka, pakakhala tsiku lobadwa la mwana wanga kapena wa aneba. Koma mng'ono wanga ndi bwenzi lake atakhala pansi kuwerengera za holo, magalimoto, mpunga ndi nkhuku, mtengo wa keke umene anauzidwa m'tauni unawaumitsa pakamwa. Madzulo ake anandiimbira foni: "Achemwali, keke ija mutiphikire ndinu." Ndinavomera. Ndikulemba izi poganizira ena amene abale awapempha zomwezi ndipo mtima uli m'mwamba.

Ndisanaganize za maonekedwe, ndinayamba ndakumbukira zimene keke imakumana nazo pa ukwati wa kwathu kuno. Akwati amagwirizana mpeni n'kudula, amadyetsana, kenako amanyamula mbale kukagwada pamaso pa makolo akuchimuna ndi akuchikazi. Zikatha izi keke imapita kuseri, kumene amayi a komiti amaidula tizidutswa ting'onoting'ono n'kukulunga m'mapepala, kuti tigulitsidwe perekaniperekani ali mkati. Keke yofewa ya siponji siipirira zonsezi. Imanyenyeka pampeni, kirimu imamata m'manja, ndipo agogo amene aponya ndalama yawo m'lichero amalandira nyenyeswa zokhazokha. Zimenezo zimandiwawa ndikaziona. N'chifukwa chake ndinasankha keke ya zipatso, yakuda ndi yolemera ija, imene amayi athu ankadziwa kuti ndiyo keke ya ukwati.

Muyeso wake ndi wosavuta kuusunga pamtima. Pa thini yozungulira ya masentimita 20 pamalowa magalamu 250 a majarini, 250 a shuga wabulawuni, 250 a fulawa, mazira 4 akuluakulu, ndi kilogalamu yathunthu ya zipatso zouma: mphesa zakuda ndi zofiirira, makoko a malalanje otsekemera aja, ndi matcheri pang'ono. Sinamoni ndi mixed spice, kasupuni kamodzikamodzi. Thini ya masentimita 25 imafuna muyeso umenewu kamodzi ndi theka, ya 15 imakwana ndi theka. Ngati mulibe sikelo bwerekani, chifukwa makapu a m'nyumba sakhala ofanana. Ndipo auzeni akwati msanga kuti zipatsozi n'zochokera kunja, ndizo zimadya ndalama zambiri kuposa china chilichonse. Kuphikira pakhomo kumachepetsa mtengo, koma sikuuthetsa.

Ambiri amaviika zipatso mu brandy, ndipo keke yotero imasungika miyezi. Kwathu sizikanatheka. Azakhali ndi amayi a mvano, ndipo akanangomva kafungo ka mowa akanaibweza mbaleyo, akwati ali chigwadire. Ine ndinaviika mu tiyi wa ku Thyolo wakuda bii, wopanda mkaka, ndi madzi a malalanje, usiku wonse. Kutacha mphesa zinali zitatupa, zonyezimira, tiyi yense zitamwa. Kungoti keke ya tiyi siikhalitsa ngati ya brandy, choncho imafunika kuphikidwa ukwati utayandikira, kwatsala sabata imodzi kapena ziwiri, n'kuikulunga bwino m'pepala ndi mu foil.

Pamoto ndi pamene pagona nkhani. Keke imeneyi imafuna moto wochepa, madigiri 140 kapena 150, kwa maola 3 mpaka 4. Mukapupuluma, kunja kumapserera mkati muli phala. M'kati mwa thini ndimayala mapepala awiri, kunja ndimakulunga pepala la khaki n'kumanga ndi chingwe, kuti m'mbali musapse msanga. Koma maola anayi ndi ambiri kwa munthu wodalira magetsi. Ndinakonzeratu mbaula, ndipo tsiku lophika keke yaing'ono, yokhala pamwamba pa zitatu zosanjikiza, magetsi anazimadi itangoyamba kukwera.

Njira yake ndi yomwe ija timaphikira chigumu, kungoti imafuna kuleza mtima kowirikiza. Sefuliya yaikulu, pansi pake mchenga wouma wofika m'lifupi mwa zala zitatu, wotenthetseratu. Thini imakhala pamchengapo, osakhudza mbali za sefuliya. Pamwamba chivundikiro, ndi makala angapo ofiira omwazika m'mphepete, osati pakati. Moto wa pansi uzikhala wofatsa, woti dzanja likhoza kupirira pafupi ndi sefuliya. Ndinakhala pakhonde pampando wa ndalema, ndi kambaniro m'manja, kuchotsa khala apa, kuonjezera apo, kutembenuza sefuliya kuti mbali imodzi isachuluke moto. Mphuno ndiyo inkandiuza zambiri: fungo la shuga likayamba kuwawira, ndiye kuti makala a pamwamba achuluka. Nditabaya kansungwi pakati n'kutuluka kouma, ndinaiphula. Mtundu wake sunasiyane ndi zinzake za mu uvuni.

Ukwati unali mu Okutobala, ku Balaka. Amene anafikako nyengo imeneyo akudziwa mmene dzuwa limaombera. Batala amayamba kusungunuka kutentha kukangopitirira madigiri 30, ndiye kirimu ya batala sindinaiganizire n'komwe. Ndinagula fondant yopangiratu, chokutira keke cha shuga chofewa ngati mtanda. Ophika enieni amayamba ayala marzipan, chokutira cha mtedza wa almond ndi shuga, kuti kuda kwa keke kusaonekere kunja, koma mtengo wake ndi wosayamba. M'malo mwake ndinatembenuza keke iliyonse chadodolido kuti kunsi kosalala kukhale pamwamba, ndinatseka timaenje ndi tizidutswa ta fondant, ndinapaka jamu wa apricot wotenthetsa, n'kuyala fondant yopyapyala yoyamba. Itauma tsiku lotsatira ndinayala yachiwiri, yochindikala ngati mamilimita 4. Ntchito imeneyi ndi ya m'bandakucha, kusanatenthe, manja ali ouma. Mumasalaza ndi chikhatho kuyambira pamwamba kutsika m'mbali, dzanja lina likutambasula m'munsi kuti pasachite makwinya. Pakatuluka kathuza ka mpweya, singano yoyera imathana nako.

Mng'ono wanga anali atanditumizira zithunzi za pa Facebook, makeke a maluwa a shuga otsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndinamuuza mosabisa kuti, "Iwe, maluwa awa anthu amaphunzira zaka. Ndikupangira chimene manja angawa angachite bwino." Sanakondwe tsiku limenelo, koma ndimakhulupirirabe kuti keke yoyera yosalala imalemekeza ukwati kuposa maluwa opindika. Ndinazunguliza riboni ya mtundu wa ukwatiwo m'munsi mwa keke iliyonse, pamene fondant imavuta kudula mowongoka, ndipo thabwa la pansi ndinalikuta m'mphepete ndi kansalu ka chitenje chimene abale tonse tinasoketsa. Chotsala chinali timadontho tonga mikanda ta royal icing, shuga wokongoletsera amene amalimba akauma. Choyera cha dzira limodzi, magalamu 250 a icing sugar wosefa, madontho a ndimu, m'mbale yopanda mafuta ngakhale pang'ono, apo ayi siilimba. Ndinkayeserera kunsi kwa thini yovundikira mpaka dzanja litaleka kunjenjemera.

Keke zitatuzi zikasanjikizana zimalemera kwambiri, choncho iliyonse imakhala pa kathabwa kake, ndipo m'kati mwa ziwiri zapansi mumabayidwa timitengo toyera todulidwa molingana ndi msinkhu wa keke, kuti tizisenza ya pamwamba. Sindinazisanjikize kunyumba. Kuchokera ku Chilomoni kudzera ku Lunzu ndi pa Zalewa, iliyonse inayenda m'katoni yake, pansi m'galimoto pa thaulo, osati pamiyendo pa munthu. Mawu anga njira yonse anali amodzi: "Alamu, pamahampu pang'onopang'ono." Ndinakazisanja kuholo m'mawa, anthu ali kutchalitchi, ndi kathumba ka icing m'chikwama kokonzera timikanda timene tinagwa m'njira.

Nthawi yodula ndinalowa kuseri kukathandiza amayi a komiti. Mpeni unkatsika bwinobwino, kachidutswa kalikonse n'kuima pakokha, mphesa zikuonekera. Mayi wina wachikulire analawa kakumphepete, anandiyang'ana nati, "Mwanawe, iyi ndiye keke." Tizidutswa tinakwanira mpaka anthu a kumbuyo kwenikweni.

Tsopano msuweni wathu wabwera ndi pempho lomwelo, koma ukwati wake uli mu Januwale, mvula ili pakati. Chinyezi chimachititsa fondant kutuluka thukuta n'kumata. Ndamuuza kuti adikire mvula yoyamba igwe, ndiphike kakeke kakang'ono, ndikakute, ndione mmene kakhalire pakatha masiku atatu, ndipo pamenepo ndidzamuyankha.