Mapu anati mudzi ndi wouma, munthu ali m'madzi olekeza m'mawondo

Lachitatu madzulo foni inalira ndili pa depoti kudikira minibasi. Anali bambo wina wa ku boma lina la ku Chigwa cha Shire amene timawatumizira mapu a madzi osefukira nyengo ya mvula ikafika. Moni anangoupereka wachidule. "Achimwene, mapu mwatumiza masanawa akuti mudzi uno ndi wouma. Ine ndikukuimbirani ndili m'mudzi momwemo, madzi akundilekeza m'mawondo." Minibasi ndinaisiya, ndinabwerera ku ofesi wapansi.

Anzanga a GIS, opanga mapu pa kompyuta, ntchitoyi mukuidziwa. Timatsitsa zithunzi za setilaiti ya Sentinel-1 chifukwa radar yake ilibe nazo ntchito za mitambo, pamene pali madzi pamaoneka pakuda, pixel (kadontho ka chithunzi) yonyowa timaipatsa 1, youma 0. Tikalemba matailosi, zidutswa za mapu m'mafayilo a GeoTIFF, timawalumikiza ndi kapulogalamu kotchedwa gdalbuildvrt, n'kusanjika pa midzi ndi misewu mu QGIS, pulogalamu yojambulira mapu. Script yake, kapulogalamu koyendetsa ntchitoyi, inalembedwa kalekale ndi munthu amene anasiya ntchito ine ndisanabwere, ndipo imayenda pixel imodziimodzi ndi loop (lamulo lobwerezabwereza) ya chilankhulo cha kompyuta cha Python ngati munthu wotola nyemba pansi. Pa seva yathu yokalambayo imatha usiku wonse. Ndapempha RAM (memory ya seva) yoonjezera kawiri konse, ndapemphanso masiku atatu oti ndiilembenso bwino script imeneyi. Yankho limakhala lomwelo, loti bajeti palibe ndipo nthawi palibenso.

Lolemba ndinali kumaliro kumudzi. Tsiku lomwelo bwana, atamva kumsonkhano wina kuti kuli chinthu chotchedwa PyPy chimene chimathamangitsa Python popanda kulipira ngakhale tambala, anauza mnyamata wathu wa IT kuti asinthe seva. Mnyamatayo anachezera usiku mpaka GDAL, library yowerenga ndi kulemba mafayilo a mapu, inalola kumangika pa PyPy, chinthu chimene ine ndemwe sindikanalonjeza kuti ndingachikwanitse. Ndipo script inathamangadi, chifukwa loop yopusa ngati imeneyi ndiyo chakudya chenicheni cha JIT ya PyPy, mbali yake imene imathamangitsa ntchito zobwerezabwereza. Nditabwera Lachiwiri ndinapeza anthu akusangalala. Palibe anandiuza kuti chasintha n'chiyani, nanenso ndi kutopa kwa pamaliro sindinafunse. Kulakwa kwanga ndi kumeneko, ndikuvomera. Lachiwiri lonse ndinalithera pa malipoti a mwezi.

Usiku wa Lachitatuwo choyamba ndinatsegula tailosi ya dera la mudziwo payokha. Madzi analimo, mbwee. Ndinatsegula mapu olumikiza aja, pamalo omwewo panali 0 yekhayekha, bokosi la makona anayi loongoka bwinobwino ngati munthu wadula ndi lumo. Madzi sasefukira motsata rula. Ndinayendetsanso script: bokosi lija linadzaza, koma lina linatseguka kumpoto. Kachitatu linasamukanso. Apa m'pamene thukuta linayamba kutuluka, chifukwa vuto losinthasintha malo chonchi umayamba kukayikira disk, ndipo ya seva yathu ikafa palibe ina.

Mu log, fayilo yolembamo zimene script yachita, imene palibe amaiwerenga, munali mizere ingapo ya gdalbuildvrt yonena kuti yalephera kutsegula fayilo yakutiyakuti ndipo yaidumpha. Siimaima, imangochenjeza n'kupitirira. Pamwamba pa log yomweyo ndinaona dzina la PyPy, mutu n'kuzizira.

Nkhani yake ili pa kamzere kamene tonse timalemba osaganiza, `ds = None`, konena kuti tathana nayo fayilo. Python ya masiku onse, CPython, imawerenga kuti ndi angati akugwira chinthu chilichonse. Womaliza akangochisiya chimafa pompo, GDAL n'kutseka fayilo n'kulemba pa disk zonse zimene inasunga kanthawi mu cache. Tazolowera zimenezi mpaka timaziona ngati lamulo la chilankhulocho, pamene ndi khalidwe chabe la CPython. PyPy siwerenga choncho. Wotola zinyalala wake, mbali yochotsa zinthu zosiyidwa, amabwera nthawi imene wafuna, mwina pakapita kamphindi, mwina mochedwa ndithu. Ndiye script inkati yatseka tailosi, n'kuitana gdalbuildvrt fayilo ina isanalembedwe. Imeneyo inkadumphidwa, ndipo pobowokapo pankakhala 0. Mlembi woyamba uja sanaike nodata, nambala yapadera yosonyeza pamene sipanawerengedwe kanthu, choncho 0 wa "sindinawerenge" ndi 0 wa "pouma" anali munthu mmodzi. Pofika nthawi imene ine ndinkatsegula matailosiwo, wotola zinyalala anali atadutsa kale, fayilo ili bwinobwino ngati sinalakwepo.

A PyPy sanabise kanthu. M'zolemba zawo zofotokoza kusiyana kwawo ndi CPython amanena poyera kuti usadalire kuti fayilo itsekeka yokha nthawi yomweyo. A GDAL nawonso amachenjeza za katsekedwe ka ma dataset (mafayilo otsegulidwa) mu Python, ndipo kuyambira GDAL 3.8 ya 2023 ungathe kutsegula dataset ndi `with` kuti itsekeke pamene iwe wanena. Yathu ndi yakale kuposa pamenepo. Kuwerenga zonsezi n'kwa ola limodzi, ndipo kuyerekeza mapu atsopano ndi akale pa chithunzi chimodzi chakale kukanatenga theka la tsiku. Theka la tsikulo ndi limene sitinapatsidwe.

Ndinabwezera seva pa CPython, ndinaika FlushCache, lamulo lokakamiza kulemba pa disk pompo, pa tailosi iliyonse, nodata ndinaipatsa 255, ndipo script tsopano imaima ikangoona kuti tailosi ikusowa. Loop ija ndinaichotsa n'kuwerenga chithunzi chonse nthawi imodzi mu NumPy, library ya masamu ya Python, mizere yosakwana khumi. Magetsi anazima pakati pa ntchito, jenereta ilibe dizilo, ndinadikira mumdima ndi mlonda tikumwa tiyi wa m'fulasiki yake. Cha m'ma 2 koloko usiku mapu olondola anatuluka, ndipo ntchito ya usiku wonse ija inatha m'mphindi zochepa, kuposanso mmene PyPy inkathamangira. Masiku atatu amene ndinkapempha aja ndinawagwira m'maola anayi ndi mantha, osayesa mokwanira mmene ndikanafunira. Ndinawatumizira bambo aja mapu ndi mawu opepesa. Anayankha m'mawa kuti boti linali litapita kale kumudziko chifukwa anthu anaimba okha. Sindikufuna kuganiza za mudzi umene mulibe netiweki.

Lachinayi kunali msonkhano, ndipo mpamene ndinapsa mtima kwenikweni. Bwana anayamba ndi kufunsa mnyamata wa IT chifukwa chimene sanayesere kaye. Mwanayo anangowerama. Ndinati, "Bwana, pepani, iyeyu anachita zimene munamutuma, ndipo anazichita bwino. Amene amadziwa script ndi ine, ndipo sindinafunsidwe." Panakhala kachetechete. Kenako, ngati kuti palibe chachitika, anafunsa ngati sitingayese Jython, Python yoyenda pa chilankhulo cha Java, poti GeoServer yathu, pulogalamu yogawira mapu pa intaneti, ndi ya Java kale.

Ndinapuma kaye ndisanayankhe. Jython inaima pa Python 2.7, pamene Python 2 inasiya kusamalidwa mu Januwale 2020, ndipo siitha kunyamula ma library olembedwa m'chilankhulo cha C. Zida zathu pafupifupi zonse ndi C ndi C++ zovala malaya a Python: GDAL imalumikizidwa ndi SWIG, rasterio ndi pyproj ndi Cython, Shapely 2.0 ya 2022 imakhala pa GEOS (library ya C++) ndi NumPy, QGIS imanyamula CPython m'mimba mwake. Zonsezi zinasokedwa poyeza thupi la CPython. PyPy imayesetsa kuzivala kudzera mu mlatho wake wotchedwa cpyext, koma kuwoloka kulikonse pakati pa Python ndi C kumadya nthawi, ndipo a conda-forge, ogawa mapaketi a mapulogalamu, anasiya kumanga mapaketi a PyPy mu 2024. Munthu wofunadi kugwira ntchito pa Java ali ndi GeoTools ndi JTS, zida za mapu za Java, zimene si zachibwana ayi, GEOS yomweyi inachita kutengedwa ku JTS. Koma kumeneko n'kulemba zonse mwatsopano, osati kusintha dzina la pulogalamu pa seva Lolemba usiku. Bwana anagwedeza mutu n'kunena kuti tizikambirana zinthu tisanachite. Sindinayankhe.

Lachisanu linali la masiku onse. Wina anatumiza shapefile (fayilo ya mapu) ya malire a minda yopanda .prj yonena muyezo wa malo umene unagwiritsidwa ntchito, ndipo itagwa mamita mazana angapo pambali pa msewu ndinadziwa kuti ndi muyezo wakale wa Arc 1950 wowerengedwa ngati WGS 84 wa GPS, monga mwa nthawi zonse. Plotter yosindikizira mapu inatha inki yofiira, misewu ikuluikulu n'kutuluka yotuwa. Mnyamata wa IT anabwera ndi mandasi awiri n'kundipempha kuti ndimuonetse NumPy, tinakhala ola limodzi. Fomu yanga yopempha RAM inabwerera cha m'ma 4 koloko, atalembapo ndi bolopeni kuti popeza script tsopano ikuthamanga, pempholi lidikire chaka cha mawa.