Lachinayi, tsiku lothira silabu ku Chikwawa

Ntchito inayamba 6 koloko m'mawa, dzuwa la kuchigwa lisanalimbe. Zitsulo za Y12 (zonenepa mamilimita 12, zolimbitsira konkire) zinamangidwa dzulo, koma pafupifupi theka zinapezeka zitagona pa matabwa, zina zitatsamira pa zidutswa za njerwa. Zidutswazo tinachotsa zonse. Njerwa imamwa madzi, ndiye ikatsalira mkati mwa konkire imasanduka khomo lolowera chinyezi mpaka pa chitsulo.

M'malo mwake tinaika timabuloko toumbidwa sabata yatha, muyezo umodzi wa simenti pa iwiri ya mchenga, kalikonse ndi waya wake womangira. Pa silabu ya denga timasiya mamilimita 25 pakati pa chitsulo ndi thabwa, pa mapilala 40, pa maziko 50, ndipo konkire ikathiridwa pa dothi penipeni, 75. Kabuloko kamodzi pa masentimita 80 alionse, apo ayi chitsulo chimalendewera pakati anthu akangochiponda. Nsonga za waya tinazipindira mkati. Imodzi ikatulukira pansi, dontho la dzimbiri limayambira pomwepo.

Chifukwa chosiyira mpata umenewu n'ichi. Konkire yabwino imakhala ndi pH (muyezo wa asidi, umene umatsika asidi akachuluka) yoposa 12, ndipo izi zimapanga kachikopa kosaoneka pa chitsulo kotchinga dzimbiri. Mpweya wa carbon dioxide umalowa pang'onopang'ono m'zaka n'kutsitsa pH mpaka cha pa 9, kachikopako n'kutha. Mchere ndiye suchedwa n'komwe kuononga kachikopako. Dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chimene ladya, limakankha konkire mpaka kung'aluka motsata chitsulocho, kenako zigamphu n'kuyamba kugwa.

Cha m'ma 9 nkhani inali ya madzi. A pamjigo wapafupi ndi amchere, monga zimakhalira m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje. Tinawakana, tinadikira a thanki. Madzi amene pakamwa akulawa mchere asayandikire zitsulo, ngakhale pothirira.

Muyezo wa simenti, mchenga ndi miyala unali 1:2:4, madzi malita osaposa 25 pa thumba la makilogalamu 50, ndi kuchepetsako poti mchenga unali wonyowa. Osakaniza amakonda phala lamadzimadzi popeza limayenda msanga pa wilibala, koma madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo, mmene mpweya ndi mchere zimadutsa. Vaibureta, makina ogwedeza konkire kuti itsendereke, inalowetsedwa choimirira, masekondi 10 mpaka 15 pamalo amodzi, kuti pansi pa zitsulo pasatsale mabowo onga zisa za njuchi.

Dzimbiri lopyapyala lofiirira silinatidetse nkhawa. Lokhalo loyoyoka ndi lomwe linapalidwa ndi burashi ya waya. Oilo wopaka matabwa anapakidwa zitsulo zisanaikidwe, chifukwa akakhudza chitsulo konkire siigwira.

Tinamaliza 3 koloko masana. Pamwamba patangolimba tinafunditsa masaka onyowa. Azikhala chinyowere masiku 7, ndipo kotentha kuno ndiye kuti kuthirira katatu pa tsiku, ndi madzi a thanki omwe aja.