Si chipere, ndi chizindikiro cha RAF

Popeza chithunzi chija cha dazi lokhala ndi kachizindikiro kozungulira ka mitundu inayi chazungulira kale m'magulu onse a WhatsApp mpaka apongozi anga ku Dedza achiona, ndiloleni ndifotokoze ndekha musanathire mchere wanu. Inde, dazi lija ndi langa.

Amene mumafika kunyumba kuno ku Turffontein mukudziwa kuti ndimamanga tindege tapulasitiki ta nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ulendo uno kanali ka Spitfire ka sikelo ya 1/72, mapiko ake masentimita 15 ndi pang'ono. Ma decal (zizindikiro zomata pandege) a m'bokosi sindinawafune. Ine mtima unali pa ndege ya Sailor Malan, munthu wa konkuno ku South Africa amene ankatsogolera 74 Squadron ya RAF, gulu la ndege zankhondo la Britain, pa Battle of Britain mu 1940, zilembo zake ZP-A. Ndiye ndinaitanitsa pepala lapadera ku England, lomwe pamodzi ndi positi linadya ndalama zoposa kandege komweko. Mayi a kunyumba akudziwa mtengo wina, chonde musawawongolere.

Zinthuzi si zomatamata za ana. Umadula, umaviika m'madzi ofunda pang'ono, guluu akafewa kachizindikiro kamatsetsereka kuchoka papepala kupita pandege. Zogula paderazi n'zopyapyala kwambiri, n'chifukwa chake timazilipira modula. Zimagwira bwino pamalo osalala ndi onyezimira, pomwe pokhakhala mpweya umatsalira pansi n'kumaoneka mbuu. Palinso mankhwala otchedwa Micro Sol, amene amafewetsa decal kuti ilowe m'timizere tonse. Mfundo ziwirizi muzisunge, ndi mboni zanga.

Lamlungu lija kunatentha, ndipo m'mawa ndinali nditameta mpala. Mbali yakumanzere ndinamaliza bwinobwino. Kachizindikiro kozungulira ka RAF ka mbali yakumanja, kachikasu kunja, kenako buluu, koyera, kofiira pakati, kanali katangoyamba kutsetsereka pamene foni inalira. Atcheya. "Achimwene, msonkhano wa bungwe la maliro wayamba, msungichuma ali kuti?" Ndinapepesa, ndinapukuta thukuta ndi kuseri kwa dzanja, ndinabwerera pathebulo. Kachizindikiro kulibe.

Ndinakwawa pansi ponse. Ndinasuzumira m'kapu ya tiyi. Mwana ndinamuzenga mlandu mpaka anatambasula zala zonse ndi kutulutsa lilime. Nthawi itatha ndinangotola buku la ndalama n'kuthamangira taxi, momwe anthu ankandiyang'ana kwambiri, ine n'kumati malaya atsopanowa agwira ntchito.

Lipoti ndinawerenga nditaimirira, ndipo poti ndine wamtali palibe anaona kanthu. Zinavuta atcheya atati tiweramitse mitu tipemphere. Ndinaweramitsa wanga, ndi mtima wonse, kutsogolo kwa holo yonse. Bambo amene ankapempherayo ali ndi chizolowezi chosiya diso limodzi lotsegula. Anafika pa "Atate wathu wa Kumwa..." n'kuima. Anayambiranso. Anaimanso pomwepo. Ine ndili chiweramire, ndikuganiza kuti mzimu wawagwira, ndiye ndinaweramanso kwambiri kuti ndiwathandize. Kumbuyo wina anatsamwa. Mpando unakhuluka. Mwana wina anafunsa mokweza kuti, "Amama, mutu wa ankolo uli ndi diso?" Pemphero limene lija silinafike pa ameni, linangofera m'njira, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati msonkhano unatsekedwa mwalamulo.

Amayi ena achikulire anabwera, anavala magalasi, anandigwira mutu ndi manja awiri n'kuutembenuzira kuwindo ngati akusankha dzungu pamsika. "Mwana wanga, chayamba liti chimenechi? Chipere ndachiona chambiri, koma cha mitundu inayi ayi." Analamula kuti ana asandiyandikire, n'kuyamba kutchula mankhwala. Atcheya, misozi ili chuchuchu, anati zisiyeni, msungichuma wadziikira yekha chandamale, ndalama zikadzasowa tidzadziwa pogenda.

Kuchotsa kwake kunali ntchito. Dzanja lija linali ndi Micro Sol, ndiye kanthu kaja kanali katalowa m'makwinya onse a pamutu, moti amayi aja anachita kukanda ndi chikhadabo, kakuchoka tizidutswatizidutswa, ndalama zanga zikugwera pansi ndikuona.

Koma inu amene mukuseka, kulitsani chithunzicho muone bwino. Palibe mbuu. Palibe thovu ngakhale limodzi, m'mbali monse mwagona, ndipo kali pakatikati penipeni pa dazi. Chiyambireni kumanga tindege sindinamatepo decal yokhala bwino chotere, ndipo ndinaimata osayang'ana. Ndi luso limenelo. Komanso zikungosonyeza kuti pepalalo silinali lotchipa ndiponso kuti wometa wanga amadziwa ntchito.

Nditafika kunyumba ndinafunsa mayi ngati sanaone kanthu pomwe ndimatuluka. "Ndinaona, abambo," anatero osasiya kutsuka mbale. "Ndimayesa ndi mmene mumazindikirirana anthu a tindege."

Kandegeko kali pamwamba pa kabati, mbali yakumanja yayang'ana kukhoma, ndipo aliyense wobwera asakatembenuze. Papepala paja patsala tozungulira tina, koma ndi ta 1942, mizere yachikasu ndi yoyera n'njopyapyala, sitingakhale pa ndege ya 1940. Mwana akuti ndingojambula ndi cholembera. Ndikuganizabe.