Mzere umene tinapempha kuti ujambulidwe mozungulira dambo

Nkhawa yanga inayamba tsiku lina mvula itangokata, nditaima pomwe kamtsinje kena kamathira m'nyanja yathu ya m'mapiri. Madzi a nyanjayi ndi oyera mbee, miyala ya pansi imaoneka ngakhale uli m'bwato, koma tsikulo munali kanjira kofiira ka matope komwe kankafalikira m'madzimo ngati utsi. Ndinakwera motsatira kamtsinjeko mpaka ndinapeza gwero lake: msewu watsopano womwe analambula m'mbali mwa phiri, dothi lake lili pamtunda popanda udzu woligwira. Posapita nthawi ofesi yoona za kagwiritsidwe ntchito ka malo inalengeza kuti ikukonzanso pulani ya dera lonse lozungulira nyanjayi, ndipo aliyense akhoza kupereka maganizo ake tsiku lotsekera lisanafike.

Kalata yanga yoyamba ndinailemba usiku womwewo, mtima uli m'mwamba. Ndinanena za kukongola kwa nyanja, za mbalame, za ana athu omwe adzaifune mawa. Zonsezo zinali zoona ndipo mpaka lero ndimazikhulupirira, koma yankho linali la mizere iwiri: alandira, ndipo athokoza. Mayi wina wachikulire amene anagwirapo ntchito yojambula mapu anandikhazika pansi n'kundiuza mosapsatira kuti olemba pulani sangasinthe kanthu chifukwa cha kalata yotero, popeza sinatchule ndime iliyonse yoti isinthidwe. Anati ndipite kukapempha pulaniyo yonse pamodzi ndi mapu ake, osati chidule chomwe anapachika pa intaneti.

Ndinapitadi, ndipo ndinabwerera kawiri ndisanapatsidwe. Kachitatu ndinapempha polemba kalata, ndinasunga kope yake yodindidwa, ndipo mapu anatuluka. Tinawayala patebulo ndi mayi aja, iwo n'kutenga pensulo n'kuyamba kulemba mzere wodutsa pamwamba pa zitunda zonse zozungulira nyanja. Anati dontho lililonse la mvula logwa mkati mwa mzerewo, posachedwa kapena mochedwa, limathera m'nyanja, ndiye kuti malire enieni a nyanja si m'mphepete mwa madzi ayi. Nditayang'ana ndi maso amenewo ndinaona chomwe chinandiwaula: dambo lalikulu la kumtunda, pomwe mitsinje iwiri imakumana isanalowe m'nyanja, analipaka mtundu wofanana ndi malo omangapo nyumba zogona alendo.

Kuti ndithe kufotokoza chifukwa chake dambolo ndi lofunika, ndinafunika kuphunzira kaye mmene nyanja za m'mapiri zimakhalira. Madzi ake amayera chifukwa alibe chakudya chambiri cha ndere, ndipo nyanja yakuya imasunga madzi ake nthawi yaitali, choncho chomwe chalowa sichituluka msanga. Chitsanzo chomwe chinanditsegula maso ndi nyanja ya Tahoe, yomwe ili pamalire a California ndi Nevada ku America, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,900, ndipo ndi yakuya mamita 501. Mitsinje 63 imathira m'menemo koma wotuluka ndi umodzi wokha, Truckee, ndipo madzi amakhalamo zaka pafupifupi 650. Mu 1968 munthu ankatha kuona pansi mpaka mamita 31. Zaka zaposachedwapa ndi mamita pafupifupi 20 okha. Ofufuza anapeza kuti choipitsa chachikulu ndi tifumbi tating'onoting'ono tomwe sitikhazikika pansi msanga, ndipo toposa 70 pa 100 tilitonse timachokera m'misewu ndi m'malo omangidwa. Dambo limachedwetsa madzi, tifumbito n'kutsalira m'mizu ya udzu pamodzi ndi fosifolasi ndi nayitirojeni zomwe zikanakadyetsa ndere. Mukalikwirira ndi simenti, madzi amathamanga molunjika atasenza katundu wawo yense.

Kenako tinayamba kusonkhanitsa umboni, ndipo apa ndi pomwe ndinasiya kukhala ndekha. Tinagawana mitsinje, aliyense wake, n'kupangana kuti mvula ikagwa tizituluka nthawi yomweyo, chifukwa ukachedwa tsiku limodzi madzi amakhala atayera kale ndipo palibe angakukhulupirire. Tinkajambula zithunzi pamalo amodzimodzi nthawi zonse, kulemba tsiku ndi ola, ndi kutunga madzi m'mabotolo awiri, lina pomwe mtsinje ukulowa m'dambo, lina pomwe ukutuluka. Mabotolo awiriwo ataimikidwa pamodzi ankalankhula okha. Tinapanganso mbale yoyezera kuyera kwa madzi, ija imadziwika ndi dzina la Angelo Secchi, wansembe wa ku Italy amene anaigwiritsa ntchito mu 1865. Ndi chinthu chapafupi: mbale yoyera yomangirira ku chingwe cholembedwa mamita, mumaitsitsa kumbali ya mthunzi ya bwato mpaka itasowa m'maso, n'kulemba kutalika kwa chingwecho. Phindu lake lili pa kubwereza, malo omwewo, dzuwa lili pamutu, mwezi ndi mwezi.

Kalata yachiwiri inali yosiyana kotheratu. Pa mfundo iliyonse tinatchula tsamba ndi ndime, n'kulemba mawu enieni omwe tikufuna alowe m'malo mwa omwe alipowo, kuti wogwira ntchito mu ofesi angowakopera akagwirizana nawo. Chachikulu chinali chakuti dambo ndi m'mbali mwa mitsinje zijambulidwe pa mapu ngati malo osamangapo. Tinapemphanso kuti pakhale malire a kukula kwa gawo la puloti lomwe munthu angaphimbe ndi denga, phula kapena simenti, ndipo malirewo azichepa malo akamatsetsereka kwambiri. Izi sitinazipeke tokha. Ku Tahoe, bungwe la Tahoe Regional Planning Agency, lomwe linakhazikitsidwa mu 1969 ndi mgwirizano wa maboma a California ndi Nevada, limagawa malo potengera nthaka ndi kutsetsereka kwake, ndipo gawo lololedwa kuphimba limayambira pa 1 mpaka 30 pa 100 alionse. Pa nkhani ya zonyansa za m'zimbudzi tinatchula nyanja ya Annecy ku France, komwe midzi yozungulira inagwirizana mu 1957 n'kuyala mapaipi otolera zonyansazo kuti zisamalowe m'nyanja, madzi n'kuyeranso.

Chovuta kuposa zonse sichinali mu ofesi. Chinali kwa eni mapuloti a m'mphepete mwa dambo. Ena mwa anzanga ankawatenga ngati adani, koma ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Bambo wina amene ndinakacheza naye anagula malo ake ndi ndalama za ntchito ya moyo wake wonse, akudziwa kuti malamulo akumulola kumanga. Kumuuza kuti mzere wathu udutse pa puloti yake kunali kumulanda chiyembekezo, ndipo ndinaona kuti ulemu woyamba ndi kuvomereza zimenezo pamaso pake. Mkwiyo wotere si wachibwana: ku Tahoe eni malo anakafika mpaka ku khothi lalikulu la America chifukwa cha chiletso chomanga cha miyezi 32, ndipo mlandu unagamulidwa mu 2002 mokomera bungwe lija. Ife sitinafune kufika kumeneko. Tinawonjezera m'kalata yathu pempho loti mwini malo a m'dambo aloledwe kusamutsa ufulu wake womanga kupita pa malo ena olimba, kapena kuugulitsa kwa wina womanga kumeneko. Bambo aja sanasaine kalata yathu, koma pa msonkhano wokambirana pulaniyo sanatitsutse, ndipo kwa ine chimenecho chinali chachikulu.

Pa tsiku la msonkhano aliyense ankapatsidwa mphindi zochepa, choncho tinagawana mfundo kuti pasakhale wobwereza za mnzake. Ine ndinatenga mabotolo awiri aja ndi chithunzi chimodzi cha kanjira ka matope. Mawu anga ankanjenjemera poyamba. Woimira omanga analankhula bwino za ntchito zomwe anthu angapeze, ndipo sindinatsutse, chifukwa ntchitozo anthu akuzifunadi. Ndinangosonyeza pa mapu malo ena athyathyathya, kutali ndi mitsinje, omwe pulani yomweyo inali itawasiya opanda kanthu.

Pulani itatuluka, dambo linali ndi mzere wake. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Koma malire a simenti anawafewetsa kuposa mmene tinapemphera, makamaka pa malo otsetsereka, ndipo nkhani ya zimbudzi anaikankhira ku kafukufuku wa mtsogolo wopanda tsiku. Zinandipweteka, makamaka ya malo otsetserekayo, chifukwa ndi kumene matope ndinawaona koyamba aja anachokera.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti pulani ikavomerezedwa, pamatsala khomo lina: munthu akhoza kupempha chilolezo chapadera choti lamulo lisamukhudze pa puloti yake. Zopempha zotere zimabwera imodziimodzi, mwakachetechete, ndipo nthawi yoziyankha ndi yochepa. Tsopano timasinthana kuwerenga zilengezo za ofesi ija sabata iliyonse. Pakali pano pali pempho loti kamsewu kadutse pangodya ya dambo, kumunsi kwa pomwe mitsinje iwiri ija imakumana. Yankho lathu ndalemba kale theka, ndipo ndikudikira mvula yotsatira kuti ndikatunge mabotolo ena awiri pamalo omwewo, ndiwaphatikize ku kalatayo.