Sabata imene thanki nambala 3 inanunkha majarini

Amayi anga ku Ntcheu amadziwa kuti ndimagwira ntchito "ku fakitale ya zakumwa" ku Cape Town. Sindinawanamize, kungoti zina ndinazisiya, chifukwa iwo ndi a Mvano ndipo atamva kuti mwana wawo amalipidwa kuti azilawa mowa 10 koloko m'mawa, tulo sangatione. Kafakitale kathu n'kochepa: anthu 6, mathanki 5 a malita 1,000, ndi kabala kutsogolo komwe anthu amamwera pomwepo. Mowa wofululidwa m'timafakitale tating'ono chonchi kuno amautcha craft beer. Mwambo wake si wadzulo, paja fakitale ya Mitchell's ya m'tauni ya Knysna inayamba mu 1983, koma mafakitale ang'onoang'ono anachuluka kwambiri kuyambira cha m'ma 2010.

Lolemba ndi tsiku lotsuka. Anthu akationa pa Facebook tikugunditsa matambula amayesa ntchito yathu ndi yokoma, pamene theka lake ndi bulashi, magolovesi ndi caustic, mankhwala aukali otsukira. Mapaipi ochokera ku ma keg, migolo yachitsulo yosungiramo mowa, kupita ku bala ukawalekerera milungu ingapo, mkati mumamera zonanda, ndipo mowa wabwino umatuluka ukununkha chiguduli. Ndinaweruka zala zitachita makwinya.

Lachiwiri tinafulula lager, mowa wosalala wa mtundu wa Green. Tsiku limeneli ndimalikonda chifukwa cha fungo. Ukathira barele wogaya m'madzi otentha madigiri 66, nyumba yonse imanunkhira ndendende ngati kuseri kwa khitchini ya agogo anga akamaphika mowa wa masese. Nditangoyamba ntchito, bwana anandifotokozera kwa mphindi 20 mmene amanyikira barele m'madzi, n'kumusiya amere, n'kumuumitsa. Ine ndinangoti, "Kwathu timati chimera." Agogo ankanyika mawere, n'kufunditsa masaka mpaka atatuluka timizu toyera, kenako n'kuyanika pamphasa ife tikuingitsa nkhuku. Chimene agogo analibe ndi hops, timaluwa timene timapatsa mowa kuwawa ndi fungo. Athuwa amachokera ku George, m'munsi mwa mapiri a Outeniqua, komwe kuli minda ya hops ya dziko lino. Mitundu ina, monga Southern Passion ndi African Queen, anaipanga konkuno kuti igwirizane ndi nyengo yake. Ukafikisa pang'ono m'manja, zala zimamata ndipo zimanunkhira zipatso tsiku lonse.

Lachitatu ndi tsiku lolawa, ndipo apa ndi pamene panagona nkhani.

Malamulo ake ndi ovuta kuposa a kuchipatala. M'mawa osamwa khofi, osasuta, osadzola mafuta onunkhira, ngakhale tsabola wa pa chips wadzulo usiku amasokoneza. Timakhala atatu patebulo, aliyense ndi pepala lake, madzi ndi mabisiketi opanda mchere, ndipo palibe kuyankhula mpaka onse atalemba, chifukwa mmodzi akangoti "nthochi" mphuno za onse zimayamba kumva nthochi. Timayamba ndi mowa wopepuka, owawa ndi aukali kumapeto. Olawa vinyo amalavula, ife timameza, chifukwa kuwawa kwa hops kumadziwika bwino mowa ukadutsa pakhosi. Koma ndi timadontho, kotala ya kapu pa thanki iliyonse. Amene amabwera pantchitoyi ndi ludzu sakhalitsa. Ndinaonapo mmodzi, miyezi 4 yokha.

Zimene timasaka ndi zolakwika. Fungo la katoni yonyowa ndiye kuti mpweya unalowa. Fungo la chimanga chophika ndiye kuti sitinawiritse mokwanira. Mowa wa m'botolo lobiriwira ukakhala padzuwa umanunkha kanyimbi, n'chifukwa chake ife timagwiritsa ntchito mabotolo a bulawuni ndi zitini. Pa thanki nambala 3, lager imene inkayenera kupita ku chikondwerero china Loweruka, anzanga awiri analemba kuti ili bwino. Ine palilime panatsala kenakake koterera, ngati wadya mkate wopaka majarini wambiri. Fungo silinkamveka kwenikweni, koma kuterera kuja kunandikana.

Pali kanjira kotsimikizira. Umatunga makapu awiri, imodzi n'kuisiya mufiriji, inayo n'kuivindikira ndi kuiika m'madzi a madigiri 60 kwa mphindi 20, kenako n'kuiziziritsa. Nditavundukula yotenthetsayo, mnzanga amene anali chapatali anatembenuka n'kufunsa ngati wina akukazinga mbuliwuli ndi batala. Chinthu chimenechi dzina lake ndi diacetyl. Yisiti, imene imawiritsa mowa muthanki, imachitulutsa mowa ukamawira, ndipo ikapatsidwa nthawi imachidyanso yokha. N'chifukwa chake lager, imene imawira pa madigiri 10 kapena 12, timaikwezera kutentha mpaka cha pa 17 kwa masiku awiri kapena atatu kumapeto. Thanki imeneyi bwana anaiziziritsa msanga sabata yatha pothamangira oda ija, yisiti n'kugona ntchito isanathe.

Lachinayi tinakangana. Bwana anati anthu a pa chikondwerero amamwa mowa wozizira kwambiri, m'makapu a pulasitiki, nyimbo zili pamwamba, ndani angamve? Pamenepo sananame. Mwina anthu 9 mwa 10 sakanazindikira kanthu. Koma fungo limeneli limakula mowa ukakhala mu keg, makamaka ukatenthedwa pagalimoto, ndipo munthu mmodzi wotsalayo ndi amene amalemba pa intaneti. Ndinawauza kuti pepala lotulutsira thankiyo ine sindisaina, akafuna asaine okha. Mtima unali phaphapha, chifukwa mlendo m'dziko la eni sukweza mawu, ndipo lendi ya ku Capricorn, komwe ndimakhala, siidikira kuti mugwirizane kaye. Anatuluka panja, anasuta ndudu ziwiri, n'kubwera ndi nzeru imene ine sindinaiganize: titunge malita 100 a lager ya Lachiwiri ija, imene inali pachimake kuwira, tithire mu nambala 3, kuti yisiti yamoyo ikadye zimene yogonayo inasiya. Ku chikondwerero tinatumiza mowa wina, pale ale. Phindu linachepa, ndipo tsiku lonse sanandiyankhule.

Lachisanu madzulo ndimathandiza ku bala, ndipo sabata imeneyi kunabwera amalume anga, amene akhala akusamala maluwa ku Constantia zaka zoposa 20. Iwo mowa ndi Green basi, wa Carlsberg amene anayamba kufululidwa ku Blantyre mu 1968, ndipo kuno amangomwa Castle modandaula. Ndinawaikira kathabwa ka timatambula 4.

Lager anaimwa kamodzi n'kugwedeza mutu kuti eya. Stout, mowa wakuda uja, anati ikununkha nsima yopserera, koma anaimaliza. Atafika pa IPA, mowa wothira hops wambiri, anatsinzina, nkhope yonse n'kukwinyika.

"Iwe mphwanga, mwathiramo ndulu?"

"Ayi amalume, ndi hops. Imwaninso kachiwiri, mumva ngati manyumwa."

"Manyumwa ndimawadziwa. Awa ndi mankhwala a malungo. Ndiye azungu amalipira marandi 60 kuti amwe zimenezi?"

Sindinatsutse. Inenso IPA inanditengera chaka kuti ndiizolowere, ndipo mpaka lero ndimaona kuti ambiri amene amaifulula amabisa zolakwa zawo kuseri kwa kuwawako. Lager yosalala ndi imene imayalutsa wofulula, chifukwa ilibe pobisala.

Katambula komaliza kanali ka mowa wowawasa, umene timausasitsa dala. Tisanawiritse, timathiramo tizilombo tomwe tija timasasitsa chambiko, n'kuusiya wofunda pa madigiri 40 tsiku limodzi kapena awiri. Makasitomala ambiri akaulawa koyamba amabweza, amati wawonongeka. Amalume analawa, anakhala chete, analawanso. Kenako anaukweza n'kuuyang'ana kugetsi.

"Awa ndi masese osefa," anatero. "Agogo ako akanati madzi achuluka, koma dzanja ndi lomweli. Kodi chipanda mulibe?"

Anaitanitsa tambula yaikulu, n'kundilonjeza kuti kwa alongo awo ku Ntcheu sakaulula.

Loweruka ndinakwera sitima yoyamba ku Muizenberg, ngakhale sinali shifiti yanga. Paipi yotuluka mu nambala 3 inali ikubwata m'chidebe cha madzi, kusonyeza kuti yisiti yadzuka. Ndinatunga makapu awiri, kutenthetsa imodzi, kudikira mphindi 20 zija. Majarini anachepa kwambiri, koma ukanunkhiza kachitatu ankamvekabe chapatali. Ndinatenga choko n'kulemba pathankipo: "Ayi. Tionenso Lachiwiri."