Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Nambala Imene Sindinayeze

M'gawo lapitalo ndinasiyira pomwe ndinali nditamaliza maphunziro a zamadzi ku koleji ndipo ndinali kuyendayenda ndi envulopu ya makalata m'maofesi ndi m'mafakitale a mu Lusaka. Yankho linabwera mu Novembala 2018. Sinali ntchito yokhazikika. Ananditenga ngati wophunzira kwa miyezi 6 pa malo ang'ono oyeretsera madzi a m'damu, kunja pang'ono kwa mzinda, amene amapereka madzi ku fakitale ina ndi ku nyumba za antchito ake. Amayi atamva nkhaniyi anagwada pomwepo pakhonde n'kupemphera, ndipo atadzuka anangondiuza kuti, “Mwana wanga, madzi si chinthu chosewera nacho, waona wekha.”

Zoonadi ndinali nditaona. Makolo anga anachokera ku Katete, koma ine ndinakulira ku Kanyama, komboni imene inamangidwa pa miyala yokhala ndi ming'alu ndi mapanga pansi pake, kotero kuti mvula ikagwa madzi sachedwa kudzaza, ndipo za m'zimbudzi zokumba zimasakanikirana ndi madzi a m'zitsime zosaya zimene anthu amatungamo. Kolera itabuka mu Okutobala 2017, Kanyama anali m'gulu la madera amene anavutika kwambiri. Pofika Januwale 2018 masukulu sanatsegulidwe pa nthawi yake, asilikali anali m'misewu kuchotsa ogulitsa malonda ndi kuyeretsa ngalande, kwathu anatiletsa kuyenda usiku, ndipo bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala. Mwana wa oyandikana nafe nyumba anamutengera kumeneko atafookeratu. Anachira, koma nkhope ya amayi ake usiku umenewo ndimaikumbukirabe. Ku koleji tinkaphunzira kuti gawo lina la madzi a mu Lusaka limachokera ku mtsinje wa Kafue, limayeretsedwa ku malo oyeretsera madzi a Iolanda, n'kupopedwa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kudzera ku Chilanga, ndipo gawo lina limachokera m'zitsime zakuya za mumzinda momwemo. Zimenezo ndinkazilemba bwino pa mayeso, koma ndi kolera imene inandichititsa kufuna kugwira ntchitoyi ndi manja anga.

Tsiku loyamba anandipatsa ovolosi, majombo, magolovesi ndi chipewa cholimba, kenaka anandipereka m'manja mwa akapitawo, bambo achikulire amene anali atagwira ntchito ya madzi kuyambira ine ndisanabadwe. Sanafunse za satifiketi yanga. Ananditenga wapansi kuyambira padamu pomwe mapampu amakoka madzi, n'kunditsatitsa paipi iliyonse mpaka pathanki yomaliza, akundiuza kuti ndizigwira valavu iliyonse ndi kunena kumene madzi angapite ikatsekedwa. Ndinalakwitsa kambirimbiri. Atatha anandipatsa burashi yaitali kuti ndizikwecha ndere m'ngalande za thanki yodikhitsira madzi, ndipo ntchito imeneyo ndinaigwira milungu iwiri yathunthu. Mumtima ndinadandaula, poganiza kuti sindinapitire zimenezi ku koleji, koma ndi pa ngalande pomwepo pamene maso anga anaphunzira kusiyanitsa madzi amene adikha bwino ndi madzi amene akubwera ndi vuto.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuyeretsa madzi ndi kuthiramo klorini basi. Ntchito yaikulu imachitika klorini asanafike. Madzi a m'damu amakhala ndi tidothi ting'onoting'ono kwambiri timene sitingadikhe tokha ngakhale mutawasiya masiku ambiri, chifukwa timakankhana tokhatokha m'malo mogwirana. Kuti tigwirane timathira alum, mankhwala amene ankabwera m'matumba a makilogalamu 50 ndipo tinkawasungunula m'thanki yapadera. Alum akasakanizidwa mwamphamvu, madziwo amayendetsedwa pang'onopang'ono, ndipo tidothi tija timayamba kuundana n'kupanga timabuluzi tooneka ngati madeya oyandama, timene pa ntchito timati floc. Floc akakula n'kulemera amamira pansi pa thanki, madzi oyera n'kusefukira pamwamba kupita ku zosefera za mchenga.

Funso la tsiku lililonse ndi lakuti alum achuluke bwanji, ndipo yankho lake sililembedwa m'buku lililonse chifukwa damu limasintha. Timalipeza ndi jar test. Tinkatunga madzi a m'damu m'mabotolo agalasi 6, lililonse lita imodzi, n'kuthira alum wosiyana muyeso m'botolo lililonse, kutakasa mofulumira kwa mphindi imodzi, kutakasa pang'onopang'ono kwa mphindi 15 kapena 20, kenaka kuwasiya kuti adikhe. Botolo limene layera bwino ndi mankhwala ochepa ndi limene limatiuza muyeso. Ndinadabwa kuona ndi maso anga kuti botolo la alum wochuluka kwambiri silinali loyera kuposa anzake, pakuti alum amatsitsa pH ya madzi (muyeso wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena ayi), ndipo ikatsika kwambiri floc sagwirana, mpaka pamafunika kuthira laimu kuti ikwerenso. Akapitawo ankafuna kuti masamu ake ndizichita pamtima: miligalamu imodzi pa lita ndi chimodzimodzi galamu imodzi pa kiyubiki mita, choncho ngati botolo labwino ndi la mamiligalamu 30 ndipo tikukoka makiyubiki mita 200 pa ola, pafunika makilogalamu 6 a alum pa ola. Ankandifunsa mwadzidzidzi, ngakhale tili pa nsima.

Zosefera zikatsekeka ndi matope tinkazitsuka pobweza madzi oyera kuchokera pansi kuti mchenga utukuke ndipo matope atuluke, ndiyo backwash. Pomalizira pake ndi pamene pamabwera klorini. Ife tinkagwiritsa ntchito klorini waufa wotchedwa HTH, amene amapsereza khungu ndi kutsamwitsa ngati munthu atsegula chigubu chake mosasamala. Muyeso umene tinkatsata ndi umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza, wakuti klorini wotsala m'madzi asachepere 0.5 miligalamu pa lita pambuyo pa mphindi 30, pH ili pansi pa 8, ndiponso kuti pampopi wakutali kwambiri apezeke wosachepera 0.2. Poyeza klorini tinkaponya kapilitsi ka DPD, kamene kamasintha mtundu wa madzi ngati muli klorini, m'kabotolo ka madzi, madziwo n'kusanduka ofiirira ngati duwa, ndipo mtunduwo tinkaufananiza ndi wa pa kachipangizo koyezera. Chimene chimalumikiza zonsezi n'chakuti klorini sagwira bwino ntchito m'madzi amatope, chifukwa dothi limamudya ndiponso limabisa tizilombo. N'chifukwa chake tinkalimbana kuti kuda kwa madzi otuluka m'zosefera, kumene timayeza mu NTU, kukhale pansi pa 1 ndipo kusafike pa 5.

Zonsezi zinkalembedwa m'buku lalikulu la patebulo maola awiri alionse: kuda kwa madzi a m'damu, a m'thanki yodikhitsira ndi osefedwa, pH, klorini, nthawi, ndi siginecha ya woyezayo. Poyamba bukulo ndinkaliona ngati mwambo wa mu ofesi chabe.

Mu Disembala anandiika pa shifiti ya usiku pamodzi ndi akapitawo. Mvula inali itakhazikika, ndipo tsiku limene ndikufuna kufotokozali ndinali ndisanagone masana onse, chifukwa madzi anali atalowa m'nyumba kwathu ndipo ine ndi mng'ono wanga tinakhalira kuwakapa ndi zidebe ndi kukweza katundu pa njerwa. Ndinakwera maminibasi awiri n'kufika kuntchito nditatopa kale. Chakumadzulo magetsi anazima, tinayatsa jenereta, ndipo akapitawo anakhala nthawi yaitali kunyumba ya mapampu chifukwa pampu imodzi inali kutentha. Kuyeza konse anandisiyira ine. Pa 10 koloko ndinayeza, pa 12 koloko ndinayezanso, ndipo manambala anali ofanana ndi a dzulo lake. Itakwana 2 koloko kunja kunali chimvula champhamvu, njira ya kudamu inali yoterera, tochi yanga inali kuzilala, ndipo ndinadziuza kuti madzi amene akhala chimodzimodzi usiku wonse sangasinthe m'maola awiri. Ndinatenga cholembera n'kukopera manambala a 12 koloko pa mzere wa 2 koloko, n'kusaina dzina langa. Kenaka ndinatsamira khoma ndipo tulo tinanditenga.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti mvula ija inali itayamba kale kumtunda, kumene kuli minda yolimidwa kumene, ndipo kamtsinje kolowa m'damu kanali katabweretsa dothi lofiira mpaka pamene mapampu amakoka. Itatsala pang'ono kukwana 4 koloko akapitawo anandigwedeza paphewa n'kunena kuti nditenge tochi ndiwatsate. Atawalitsa pa ngalande zomwe zija ndinkakwecha, madzi osefukira anali ngati tiyi wamkaka, floc wosagwirana akuyandama kupita ku zosefera. Tinayeza madzi osefedwa ndipo anali atapitirira 5. Kapilitsi ka DPD kanangosintha mtundu pang'ono kwambiri.

Sanandikalipire pa nthawiyo, chifukwa panalibe mpata. Anazimitsa pampu yotumiza madzi kwa anthu, anatseka valavu yolowera m'thanki yomaliza, n'kundituma kudamu ndi chidebe m'chimvula chomwe ndinachithawa chija. Tinachita jar test kawiri, popeza ulendo woyamba panalibe botolo ngakhale limodzi limene linayera, ndipo tinapeza kuti alum anafunika kukwera kwambiri pamodzi ndi laimu. Tinataya madzi amene anali atalowa m'thanki, tinatsuka zosefera zonse motsatizana, n'kudikira kuti floc watsopano agwire. Madzi anayambanso kupita kunyumba za anthu dzuwa litakwera, ndipo ndinaona amayi ena ataima pageti ndi zidebe zopanda kanthu, ana atavala kale mayunifolomu osasamba.

Titabwerera m'chipinda, akapitawo anatsegula buku lija n'kuloza mzere wa 2 koloko. Anafunsa mofatsa kuti, “Mwana wanga, nambala iyi unaitenga kuti?” Ndinayankha kuti, “Bambo, sindinayeze. Ndinakopera ya pamwambapo.” Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, “Ukanasiya mzere wopanda kanthu, ine pobwera kudzamwa tiyi pa hafu pasiti 2 ndikanaona, ndikanapita ndekha kukayeza. Ndinaona manambala ako, ndinakukhulupirira, ndinabwerera ku pampu.” Mawu amenewo anandipweteka koposa kukalipiridwa, chifukwa ndinazindikira kuti kugona kwanga kukanakonzeka mosavuta, koma bodza la m'buku ndi limene linachotsa munthu yekhayo amene akanatha kupulumutsa zinthu nthawi ikadalipo. Ndinaganiza za mwana wa oyandikana nafe uja, ndi za anthu a m'nyumba zija amene amatsegula mpopi m'mawa n'kumwetsa khanda popanda kufunsa, pokhulupirira kuti kwinakwake kuli munthu amene wayeza.

Anandiuza kuti ndisafufute chilichonse. Ndinadula manambalawo ndi mzere umodzi woti aziwerengekabe, n'kulemba pambali pake kuti sindinayeze, ndi nthawi, ndi siginecha yanga. M'lipoti lawo analemba zonse monga zinachitikira, osandibisa ndiponso osawonjezera, ndipo analembanso kuti wophunzira asamasiyidwe yekha pa kuyeza usiku wa mvula, zimene zinali kudziimba mlandu iwo eni. Ndinaitanidwa ku ofesi, ndinalandira chenjezo lolembedwa, ndipo miyezi yanga yophunzira inawonjezedwa ndi iwiri. Ndimaona kuti chilangocho chinali choyenera. Mpaka lero, pamene inenso ndili ndi achinyamata amene ndimawaphunzitsa, tsamba loyamba limene ndimawafotokozera ndi limenelo, ndipo ndimawauza kuti akalephera kuyeza pa chifukwa chilichonse, asiye mzere wopanda kanthu ndi kundiimbira foni ngakhale pakati pa usiku.

M'mawa umenewo, ndikuvula majombo, akapitawo anandipatsa timapilitsi 4 ta DPD ndi timabotolo tiwiri toyezera, n'kunena kuti ndikayeze madzi amene amayi amamwa. Nditafika ku Kanyama ndinapeza matope akadali pakhomo. Madzi a m'chigubu chimene mng'ono wanga anali atangotunga kumene ku kiyosiki anafiira bwino. A m'chidebe chosavundikira cha kukhitchini, amene anatungidwa masiku awiri m'mbuyomo ndipo aliyense ankaviikamo kapu, sanasinthe mtundu ngakhale pang'ono. Amayi anayang'ana timabotolo tiwiri tija kwa nthawi yaitali, kenaka anatuma mng'ono wanga kukantini kukagula kabotolo ka klorini wa m'nyumba, iwo n'kuyamba kutsuka chidebecho ndi sopo. Ine ndinagona mpaka 3 koloko masana, n'kudzuka kukonzekera shifiti ina.

M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za miyezi iwiri yowonjezedwa ija, ndi tsiku limene anandisiyira makiyi a malo onse kwa nthawi yoyamba.